Mtsinje Ukadetsedwa, Amalipira Ndani?

Mvula ikagwa mumzinda wa Lusaka, madzi ake amagawikana. Ena amatsikira kumadzulo n'kukathera mu Kafue. Ena amasonkhana m'ngalande zikuluzikulu, monga ija amaitcha Bombay, n'kulowa m'kamtsinje ka Ngwerere, kamene kamatuluka mumzindamo chakumpoto, kukhotera kum'mawa, kudutsa kufupi ndi mishoni ya Kasisi mpaka kukakumana ndi mtsinje wa Chongwe. Koma si mvula yokha imene kamtsinjeka kamanyamula. Mumalowanso madzi otuluka kumalo oyeretsera suweji a Manchinchi, amene anamangidwa mzinda udakali waung'ono ndipo kwa zaka zambiri akhala akulandira zonyansa zoposa mphamvu yake. Onjezanipo oilo wakuda wa m'magalaja, thovu la kotsukira galimoto, ndi chilichonse chimene munthu wakhuthulira m'ngalande usiku poti palibe akumuona.

N'chifukwa chake mu Okutobala, timitsinje tina ta m'boma la Chongwe titauma gwa, kamtsinje aka kamakhala kakuyendabe. Suweji siona nyengo. Alimi a madimba amazidziwa bwino zimenezi. M'mphepete mwake mumangomveka tiinjini topopera madzi, mapaipi akuda atayalidwa pakati pa mizere ya repu, chayina ndi kabichi. Ndiwo zimakula msanga, masamba ali biriwiri, poti madziwo ndi manyowa kale. Mlimi amapinda buluku mpaka m'mawondo n'kulowa m'madzi otuwa, onunkha, kukachotsa majumbo amene atseka kukamwa kwa paipi. M'bandakucha ndiwo zija zili pagalimoto, ulendo wa kumsika wa Soweto. Kumunsi kwake, tauni ya Chongwe, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, imamwa madzi otungidwa padamu la mtsinje wa Chongwe womwewo. Madzi akafika akuda kwambiri pamafunika mankhwala ambiri kuti ayere, ndipo mtengo wa mankhwalawo umabisala m'bilu ya mayi wa ku Chongwe amene sanatayepo kanthu mu Lusaka. Ndiye kuti wolipira alipo kale, tsiku ndi tsiku, kungoti ndi uja wakumunsi.

Malamulo a Zambia sachita chibwibwi pankhaniyi. Malamulo oyendetsera dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amanena m'ndime 255 kuti amene wadetsa kapena kuwononga chilengedwe ndiye ayenera kulipira zimene wawonongazo. Lamulo loyang'anira zachilengedwe la 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1990 n'kukhazikitsa bungwe la ZEMA, limafotokoza mmene zimenezi zichitikire. Fakitale yotayira madzi ake mumtsinje iyenera kukhala ndi chiphaso. ZEMA ikhoza kulamula kampani kuti ichotse zimene yataya ndi kubwezeretsa malo mwakale, ndipo kampaniyo ikanyozera, bungweli likhoza kugwira lokha ntchitoyo n'kukaitanitsa ndalama zake. Lamulo lomwelo limalola munthu wamba kukasuma kukhoti ngati ufulu wake wokhala pamalo aukhondo ukuphwanyidwa. Mfundo yakuti wodetsa alipire inayamba kutchuka mu 1972 pakati pa mayiko olemera a bungwe la OECD, ndipo msonkhano waukulu wa zachilengedwe wa ku Rio de Janeiro mu 1992 unaiika pa nambala 16 mwa mfundo zake. Dziko la Malawi nalonso linaiika m'lamulo lake la zachilengedwe la 2017.

Tikamati kampani yalipira, tizifunsa kuti yalipira chiyani, chifukwa pali ndalama zosiyana zimene anthu amaziphatikiza. Chindapusa chimapita kuthumba la boma, ndipo sichichotsa ngakhale fosholo imodzi ya matope. Mu 2010 khoti la ku Chingola linalipiritsa Konkola Copper Mines pafupifupi K22 miliyoni ya ndalama zakale chifukwa chodetsa Kafue, ndalama imene panthawiyo sinkafika madola 5,000. Chipukuta misozi chimapita kwa amene wadwala kapena amene chimanga chake chapserera m'munda. Koma palinso ndalama zokonzera malo: kufukula dothi loipa, kukalikwirira pamalo pamene sipadzadontha, kuthira dothi latsopano, kudzala udzu kuti fumbi lisauluke, n'kumayeza madzi a m'zitsime chaka ndi chaka kwa zaka makumi angapo. Izi ndizo zodula kuposa zonse, ndipo ndizo zimene kawirikawiri sizilipiridwa. Nkhani ya chindapusa ikatuluka m'nyuzipepala anthu amaganiza kuti mlandu watha, pomwe poizoni ali phee pansi pa mtsinje.

Vuto la Ngwerere ndi lakuti manja ndi ambiri. Mungasumire ndani? Wa galaja akuloza wa butchala, wa butchala akuloza kampani ya madzi, kampani ya madzi ikuti makina ake ndi okalamba ndipo anthu amataya m'mipope zinthu zosayenera. Zipangizo zoyezera za ZEMA sizingakhale pakamwa pa ngalande iliyonse, ndipo zambiri zimene bungweli limadziwa za madzi otuluka m'fakitale zimachokera m'malipoti amene fakitale yomweyo imalemba.

Dziko la America linakumana ndi vuto la manja ambiri lomweli, ndipo linalithetsa mwankhanza ndithu. Ku Love Canal, m'tauni ya Niagara Falls, kampani ya Hooker Chemical inakwirira matani pafupifupi 21,000 a zinyalala za mankhwala m'ngalande yakale, kenako mu 1953 n'kugulitsa malowo kwa akuluakulu a zamaphunziro pamtengo wa dola imodzi yokha. Panamangidwa sukulu, nyumba n'kuzungulira. Pofika mu 1978 mankhwala anali akutumphukira pabwalo ndi m'zipinda zapansi, ndipo mabanja mazanamazana anasamutsidwa. Mu 1980 kunabadwa lamulo lotchedwa Superfund. Malinga ndi lamuloli, boma silivutika n'kutsimikizira kuti kampani inachita mosasamala. Zinyalala zikakhala zake, basi. Sizithandizanso kunena kuti panthawi imene tinkatayayo kunalibe lamulo loletsa. Ndipo ngati makampani khumi anatayira pamalo amodzi, boma likhoza kugwira imodzi yokha imene ili ndi ndalama n'kuilipiritsa mtengo wonse, iyoyo ikafunefune yokha anzake asanu ndi anayi aja. Lamuloli ladyetsa maloya kwambiri, ndipo odandaula nalo sasowa. Komabe lili ndi nzeru imodzi imene malamulo athu alibe: ntchito yofufuza kuti wataya zochuluka bwanji ndi ndani imagwera anthu amene ali ndi mabuku ake, osati amene akumwa madziwo. Kampani ya Occidental, imene inagula Hooker, inavomera mu 1995 kubwezera boma madola 129 miliyoni a ntchito ya ku Love Canal.

Kwathu kuno, ngakhale wodetsa atakhala mmodzi, wodziwika dzina ndi geti lake, ulendo wake ndi wautali. Mu Novembala 2006 paipi ya Konkola Copper Mines inaphulika ku Chingola, madzi a asidi n'kulowa m'kamtsinje ka Mushishima mpaka mu Kafue, mmene tauniyo imatunga madzi akumwa. James Nyasulu ndi anthu ena 2,000 anakasuma. Mu 2011 Jaji Phillip Musonda wa khoti lalikulu ku Lusaka anagamula kuti kampaniyo ilipire K10 biliyoni ya ndalama zakale, aliyense K5 miliyoni. Kampani inachita apilo. Mu 2015 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linavomereza kuti kampani inalakwadi, koma linafafaniza ndalama zija, chifukwa mwa anthu onsewo 12 okha ndiwo anali ndi makalata a kuchipatala otsimikiza kudwala kwawo. Aliyense amene anadwalirapo kumudzi akudziwa mmene zimakhalira. Mwana akatsegula m'mimba mumam'patsa madzi a mchere ndi shuga. Mukapita kuchipatala amalemba m'kope lodula pakati, limene pakatha miyezi itatu lanyowa ndi mvula kapena ang'ambamo pepala lokulungira fodya. Palibe amene amaganiza tsiku limenelo kuti kakope aka n'kamene jaji adzafunse patatha zaka zisanu ndi zinayi.

Anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Hippo Pool, Kakosa ndi Hellen, kufupi ndi Chingola komweko, anasankha njira ina. Mu 2015 anakasumira ku London kampani ya Vedanta, imene inagula gawo lalikulu la Konkola mu 2004. Panatha zaka zinayi akungokangana ngati mlanduwo uyenera kuzengedwa ku England n'komwe. Pa 10 Epulo 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linati uzengedwe, ndipo chifukwa chimodzi chinali chakuti ku Zambia anthu osauka otere sakanapeza maloya ndi akatswiri a sayansi okwanira mlandu waukulu chonchi. Chigamulochi chinatsegula njira yoti kampani yaikulu ya kunja iziyankha pa zimene nthambi yake yachita ku Africa. Koma mlandu weniweni sunazengedwe. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khoti, anthu oposa 2,500 n'kulandirapo kanthu, kampani osavomera kulakwa kulikonse, ndipo kuchuluka kwa ndalamazo sikunaululidwe. Makhoti a ku Zambia nawonso nthawi zina amaluma: mu 2020 khoti lalikulu kwambiri linakweza kufika pa K1 miliyoni chipukuta misozi chimene Mopani Copper Mines inayenera kupereka pa imfa ya Beatrice Miti, bwanamkubwa wa boma la Mufulira, amene anamwalira kumapeto kwa 2013 atapuma utsi wa salufa wochokera kumgodi. Onani kuti m'milandu yonseyi ndalama zinali za anthu ovulala. 

Kuti muone chimene chimachitika ngongole ikagonera, pitani ku Kabwe. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, malowo akutchedwa Broken Hill, ndipo mgodi ndi ng'anjo yake zinagwira ntchito mpaka 1994. Kwa zaka pafupifupi 90 utsi ndi fumbi la mtovu zinkagwera pamadenga, m'minda ndi pabwalo posewerera ana m'makomboni a Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu suola. Umakhala m'dothi, mwana wokwawa n'kuudya ndi zala zake, ndipo ukalowa m'magazi umawononga ubongo umene ukukula, mwana n'kumavutika kugwira za m'kalasi popanda wodziwa chifukwa. Bungwe la WHO limati mtovu ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita ya magazi pafunika kuchitapo kanthu. Ofufuza apeza ana ambiri a m'makomboni amenewa atapitirira 45, mlingo umene mwana amafunika mankhwala apadera ochotsa mtovu m'thupi. Mpaka lero mulu waukulu wa zotsalira za m'ng'anjo, umene anthu amautcha Black Mountain, udakali pomwepo, ndipo anyamata amakumbamo kufunafuna miyala yogulitsa.

Nanga mwini ngongoleyi ndani? Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele, mothandizana ndi a Leigh Day a ku London, anasumira Anglo American South Africa kukhoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000. Iwo amati kampaniyi inali ndi dzanja pakayendetsedwe ka mgodi kuyambira 1925 mpaka 1974, zaka zimene mtovu wambiri unasungunulidwa. Anglo imati inali ndi masheya ochepa chabe, siinali mwini mgodi, ndipo boma litatenga migodi udindo wonse unapita ku kampani ya boma ya ZCCM, imene inayendetsa mgodiwo mpaka kuutseka. Mu Disembala 2023 Jaji Leonie Windell anakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, odandaula n'kukachita apilo kukhoti la ku Bloemfontein. Ana amene anabadwa chaka chimene mgodi unatsekedwa ali ndi ana awo tsopano, ndipo nawonso akukwawa pa dothi lomwelo.

Ntchito yokonza imene yachitika ku Kabwe, yofukula dothi pakhomo, kuyeza ana magazi ndi kuwapatsa mankhwala, yakhala ikuyendera ndalama za World Bank, kuphatikizapo gawo la madola 65.6 miliyoni amene anavomerezedwa mu 2016. Ndalamazi si mphatso. Ndi ngongole, ndipo adzabweza ndi Mzambia aliyense wokhoma msonkho, ngakhale wa ku Chongwe amene sanapondepo ku Kabwe. Chimodzimodzinso pa Copperbelt: migodi itagulitsidwa cha m'ma 2000, ogula anakana kusenza zoipa zakale, ndipo zinatsalira ZCCM-IH, kampani imene mwini wake wamkulu ndi boma. Phindu linakwera ndege, dothi linatsala. Kampani ikhoza kusintha dzina, kugulitsidwa, kugawidwa pakati kapena kuthetsedwa ndi siginecha imodzi ku ofesi yolembetsa makampani, ndipo zimenezi zimachitika msanga kuposa mmene khoti limayendera.

Apa mpamene pamafunikira chikole. Wobwereketsa ndalama kumudzi sadikira kuti wangongole athawe kaye. Amasungiratu njinga kapena wailesi. Zambia ili ndi njira yotere pa migodi. Kuyambira 1998 pali malamulo a thumba loteteza chilengedwe. Akatswiri amawerengera ndalama zimene zingafunike kutseka mgodi ndi kukonza malo ake, kampani n'kupereka gawo laling'ono ngati ndalama zenizeni, lotsalalo ngati kalata ya banki yolonjeza kulipira kampaniyo ikalephera. Mgodi ukatsekedwa bwinobwino, ndalama zimabwerera kwa mwini wake. Nzeru yake ndi yabwino kwabasi, chifukwa imatenga ndalama kampani idakali ndi moyo, ikufunanso chiphaso. Koma lipoti la mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2014 linapeza kuti makampani ambiri sankapereka zimene anayenera kupereka. Komanso chikolechi chimawerengedwa poganizira mgodi wotsekedwa mwadongosolo, osati damu lophulika usiku umodzi.

Damu lotere linaphulika pa 18 Febuluwale 2025 ku Chambishi. Pofuna kopa, miyala imaperedwa n'kunyikidwa mu asidi. Kopa amene amatuluka ndi kagawo kakang'ono chabe ka mwalawo, ndipo phala lotsala, la asidi ndi zitsulo zina, limasungidwa m'madamu. Khoma la damu la Sino-Metals Leach Zambia, nthambi ya kampani ya boma la China, linagumuka, phalalo n'kutsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama, minda inapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Ndege za asilikali zinkathira laimu mumtsinje kuti asidi aphwe mphamvu. Laimu amathandizadi pa asidi, koma zitsulo zimene zinali m'madzi sizichoka. Zimangokhazikika pansi m'matope, kudikira madzi osefukira a chaka china. Kafue yemweyu ndiye amamwetsa mbali yaikulu ya Lusaka.

Boma linati kampani ilipira zonse. Mkangano unabuka pa funso lakuti zonsezo n'zochuluka bwanji. Poyamba kunanenedwa kuti kunatayika malita 50 miliyoni, kapena kuti matani pafupifupi 50,000. Kampani ya ku South Africa ya Drizit, imene inalembedwa ntchito yoyeza kuwonongekako, inati matani anali oposa 1.5 miliyoni, kuwirikiza ka 30. Sino-Metals inathetsa kontirakiti ya Drizit ndipo imatsutsa zimene inapezazo. Mu Seputembala 2025 alimi 176 anasumira Sino-Metals ndi kampani inanso ya NFC Africa Mining kukhoti lalikulu ku Lusaka, kufuna madola 80 biliyoni. Ndalama imeneyo ndi yoposa chuma chonse chimene Zambia imapanga pachaka, ndipo n'zokayikitsa kuti khoti lililonse lingaigamule. Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti woyeza ankalandira malipiro kuchokera kwa woyezedwa. Malamulo akamalola zimenezi, kukula kwa ngongole kumakhala m'manja mwa wangongole.

Boma la Chongwe lilibe Black Mountain, ndipo mwayi wake ndi womwewo: zambiri zimene zingaliwononge sizinamangidwe. Mzinda wa Lusaka ukukulira kum'mawa, bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'bomali, ndipo m'mbali mwa msewu wa Great East mukumera mafakitale, nyumba ndi makola a nkhuku. Anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II aonetsa kale kuti khoti limagwira bwino ntchito likafikiridwa msanga. Pamene mbali ya nkhalango ya Forest 27, kumene kuli gwero la mtsinje wa Chalimbana wothira mu Chongwe, inaperekedwa kuti pamangidwe nyumba, iwo pamodzi ndi bungwe loteteza gwerolo anakasuma, ndipo mu 2020 khoti la apilo linaimitsa kaye ntchito yomanga ya Kingsland City. Sanafunikire makalata a kuchipatala 2,000, chifukwa panali pasanadwale munthu.

Kumunsi kwenikweni, kumene mtsinje wa Chongwe umakhala malire akumadzulo a nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi usanathire mu Zambezi, kunali nkhani ya mgodi wa kopa wa Kangaluwi. Kampani ya Mwembeshi Resources, nthambi ya Zambezi Resources ya ku Australia, inkafuna kukumba dzenje lalikulu m'kati mwa nkhalangoyo, pamodzi ndi damu la phala m'mapiri amene madzi ake amatsikira ku Zambezi. ZEMA inakana mu 2012. Nduna Harry Kalaba inasintha chigamulocho mu 2014, mabungwe n'kupita kukhoti, mlandu n'kugona zaka zambiri mpaka kuthetsedwa chifukwa cha mapepala osaperekedwa panthawi yake. Mu 2021 ZEMA inavomera, ndipo mu 2023, makina atayamba kale kulambula misewu, inaimitsa ntchito n'kulanda chilolezocho ponena kuti kampani sinatsatire zimene inauzidwa. Pamisonkhano yofunsa maganizo a anthu pa ntchito zotere, nkhani imakonda kukhala ya ntchito zingati, sukulu, mjigo ndi msewu. Sikawirikawiri kumva wina akufunsa kuti chikole ndi ndalama zingati, chili kubanki iti, ndiponso ngati kampani yaikulu ya kunja yasainira kuti idzalipira nthambi yake ikadzagwa. Ku Kangaluwi mafunso amenewa akanavuta kuyankha, chifukwa kopa asanatuluke ngakhale tani imodzi, kampani ya ku Australia ija inali itasintha kale dzina kukhala Trek Metals, n'kugulitsa ntchito yonseyo kwa kampani ina ya ku Dubai.